M'mimba mwa Mwana Wanu Muli Mudzi: Tizilombo Tabwino ndi Asilikali a M'matumbo

Mayi, bambo, agogo ndi nonse amene mukulera ana,

Mwina munazionapo izi. Ana awiri a pakhomo limodzi, akudya m'mbale imodzi, akumwa madzi a pamjigo umodzi. Wina akukula bwinobwino, koma mnzakeyo sikelo yake siikukwera. Lero watsegula m'mimba, mawa wachira, sabata yamawa wayambiranso. Anthu amayamba kuyankhula: ena ati ndi tsempho, ena ati amulodza, ena ati mayi ake ndi osasamala. Koma nthawi zambiri nkhani yeniyeni imakhala m'matumbo mwa mwanayo, malo amene maso athu saona.

Phunziro lino likufotokoza zimene zimachitika m'menemo. Liwerengeni modekha, ndipo ngati pakhomo pali wina wosatha kuwerenga, muwerengereni.

Si kachilombo kalikonse kamene kali mdani

Tikamva mawu oti "tizilombo", timangoganiza za matenda basi. N'zoona, tilipo tizilombo toyambitsa kolera, kamwazi ndi taifodi. Koma m'matumbo mwa munthu aliyense wathanzi mumakhalanso tizilombo tina tosaoneka ndi maso, tambiri mwa ito ndi ta mtundu wa bakiteriya, timene sitidwalitsa munthu. M'thupi mwa munthu wamkulu muli mathililiyoni a tizilombo timeneti, ndipo tochuluka kwambiri timakhala m'matumbo aakulu, kufupi ndi kumene chimbudzi chimatulukira. Tilipo ta mitundu mazanamazana.

Ganizirani za mudzi. M'mudzi muli eni mudzi amene amalima, kumanga mipanda ndi kudziwana. Mulinso alonda. Nthawi zina kumabwera akuba. Mudzi wodzaza ndi eni ake, wakuba amasowa polowera. Mudzi wa mabwinja, wakuba amachita kumangamo nyumba. M'matumbo mwa mwana wanu ndi chimodzimodzi: tizilombo tabwino ndiwo eni mudzi, maselo a chitetezo cha m'thupi, aja timawatcha asilikali a m'thupi, ndiwo alonda, ndipo tizilombo ta matenda ndiwo akuba.

Khoma lopyapyala, ntchito yaikulu

Mkati mwa matumbo muli khoma lopyapyala kwambiri. Ndi mzere umodzi wokha wa maselo ogundizana, ndipo kuseri kwake kuli mitsempha ya magazi. M'matumbo aang'ono, khomali lili ndi tinthu tosongoka tambirimbiri tooneka ngati ubweya wa thaulo. Tinthu timeneti ndi timene timayamwa chakudya chogayika n'kuchilowetsa m'magazi.

Khoma limeneli lili ndi ntchito ziwiri zovuta kuziphatikiza. Liyenera kulowetsa chakudya ndi madzi, komanso liyenera kutsekereza tizilombo kuti tisalowe m'magazi. N'chifukwa chake thupi limalisamala kwambiri. Maselo ake amasinthidwa ndi atsopano pakangopita masiku ochepa, osakwana sabata. Maselo ena a pakhomali amatulutsa zonanda ngati mamina zimene zimakuta khoma lonse, kuti tizilombo tizikhala pamwamba, tisakhudze khoma lenilenilo. Enanso amatulutsa timankhwala tachilengedwe topha tizilombo toyandikira kwambiri.

Kusintha maselo mofulumira chonchi kumafuna chakudya chokwanira. Mwana akamadya moperewera, khomali ndi limodzi mwa malo oyamba kufooka.

Alonda a pakhoma amachita kuphunzira

Pansi pa khomali, ndiponso pakati pa maselo ake, pamakhala asilikali a m'thupi ambirimbiri. Ena amakhala mounjikana m'timagulu tooneka ngati timatuza pakhoma la matumbo aang'ono. Timagulu timeneti anatifotokoza dokotala wa ku Switzerland, Johann Conrad Peyer, m'chaka cha 1677, ndipo mpaka lero timadziwika ndi dzina lake. Tingati ndi sukulu ya asilikali.

Umu ndi mmene sukuluyi imayendera. Pamwamba pa timagulu tija pali maselo apadera amene amatapako pang'ono zimene zikudutsa m'matumbo, kaya ndi kachidutswa ka chakudya kapena kachilombo, n'kukazionetsa kwa asilikali a kuseri. Asilikaliwo amaphunzira kusiyanitsa: uyu ndi mwini mudzi, msiyeni; ichi ndi chakudya, chisiyeni chidutse; uyu ndi wakuba, mgwireni.

Mwana sabadwa ndi alonda odziwa kale ntchito. Amabadwa ndi alonda osaphunzira, ndipo aphunzitsi awo aakulu ndi tizilombo tabwino tija. Asayansi anatsimikiza izi poweta mbewa m'malo otsekedwa mopanda kachilombo ngakhale kamodzi. Mwina mungaganize kuti mbewa zimenezo zinali zathanzi kuposa zonse. Ayi ndithu. Timagulu ta asilikali m'matumbo mwake tinali tating'ono, asilikali ake anali ochepa, ndipo zinkagwidwa msanga ndi matenda ena. Atazipatsa tizilombo tabwino, chitetezo chake chinayamba kukula.

Ntchito zinayi za tizilombo tabwino

Choyamba, timadzaza malo. Timadya chakudya ndi kukhala pamalo pamene kachilombo ka matenda kakanakhala. Tina timatulutsa zowawasa zimene tizilombo toipa sitigwirizana nazo.

Chachiwiri, timadyetsa khoma. M'nyemba, nandolo, khobwe, masamba, zipatso, mbatata ndi mgaiwa muli ulusi wina umene thupi la munthu silitha kugaya palokha. Ulusiwo ukafika m'matumbo aakulu, tizilombo tabwino timaugaya n'kutulutsa zinthu zina, chimodzi mwa izo chotchedwa butyrate. Chimenechi ndi chakudya chachikulu cha maselo a khoma la matumbo aakulu. Khoma lodya bwino limakhala lolimba, lopanda ming'alu.

Chachitatu, timalimbikitsa asilikali kupanga chida chotchedwa IgA. Chida chimenechi chimatulutsidwa kudzera pakhoma n'kukasakanikirana ndi zonanda zija. Chikapeza kachilombo chimakamatirira, ngati kumanga mbuzi pachikhomo, kuti kasafike pakhoma. Munthu wamkulu amatulutsa magalamu angapo a IgA m'matumbo mwake tsiku lililonse. Ubwino wake ndi woti chimagwira wakuba mwakachetechete, popanda nkhondo yowononga mudzi.

Chachinayi, timaphunzitsa asilikali kudziletsa. Mlonda womenya aliyense wodutsa, ngakhale mwini nyumba, ndi woopsa ngati wakuba yemwe. M'matumbo muli asilikali ena amene ntchito yawo ndi kuletsa anzawo kumenya nkhondo popanda chifukwa. Butyrate uja amathandiza kuti asilikali oletsa ndewuwa achuluke. Akachepa, matumbo amakhala otupa mkati nthawi zonse.

Choncho awiriwa amadalirana. Tizilombo tabwino timaphunzitsa asilikali ndi kudyetsa khoma. Asilikali nawo amasunga tizilomboto pamalo pake ndi kusankha toyenera kukhala.

Nanga mwana amatitenga kuti?

Mudzi wa m'matumbo umayamba kudzaza pa nthawi yobadwa. Tizilombo toyamba mwana amatitenga kwa mayi ake: pobadwa, pomugoneka pachifuwa khungu ndi khungu, ndi poyamwa. Mwana wobadwa kudzera pa opaleshoni amayamba ndi mitundu yosiyanako, koma mayi musadandaule ayi. Opaleshoni imapulumutsa moyo, ndipo kuyamwitsa kumathandiza kwambiri kuti mudzi wake ukhazikike.

Mkaka wa m'mawere uli ndi zinthu ziwiri zodabwitsa pa nkhaniyi. Muli mtundu wina wa shuga umene mwana sagaya n'komwe. Shuga ameneyu ndi chakudya cha bakiteriya wabwino wotchedwa Bifidobacterium, amene amachuluka m'matumbo mwa ana oyamwa. Tinganene kuti bere limadyetsa mwana ndi anzake omuteteza pa nthawi imodzi.

Chachiwiri ndi IgA wa mayi. Asilikali ena amene anaphunzira m'matumbo mwa mayi amayenda kudzera m'magazi kukafika m'mawere, n'kumakapanga IgA wolimbana ndi tizilombo timene mayiyo wakumana nato pakhomo pake. Ndiye kuti mwana akamayamwa, amalandira chitetezo chogwirizana ndi matenda a malo amene akukhala. Mkaka wa m'chitini ulibe chitetezo chotere. Mkaka woyamba uja, wachikasu ndi wonanda, ndiwo uli ndi IgA wochuluka kuposa wina uliwonse. Agogo, chonde musauze mayi kuti aufinyire pansi. Si woipa, si wotsalira. Ndi chishango choyamba cha mdzukulu wanu.

Mwana akayamba kudya zakudya zina atakwanitsa miyezi 6, mitundu yatsopano ya tizilombo imayamba kukhazikika. Kafukufuku wofalitsidwa m'chaka cha 2012, amene anayerekeza ana ndi akuluakulu a ku Malawi, Venezuela ndi America, anapeza kuti mudzi wa m'matumbo mwa mwana umafika pofanana ndi wa munthu wamkulu pa zaka pafupifupi zitatu. Paja akuluakulu amati m'mera mpoyamba. Zaka zoyambirirazi ndiyo nthawi yodzala.

Zimene mapasa a ku Malawi anatiphunzitsa

Nkhaniyi si ya kutali. M'chaka cha 2013 kunatuluka zotsatira za kafukufuku amene asayansi a Washington University ya ku St. Louis, motsogozedwa ndi Jeffrey Gordon, anachita kuno ku Malawi pamodzi ndi anzawo. Anatsatira mapeya 317 a ana amapasa m'zaka zawo zitatu zoyambirira. M'mabanja ambiri zinapezeka kuti mmodzi mwa mapasawo ananyentchera, ena mpaka kutupikana, pamene mnzake anali bwino.

Atayeza chimbudzi cha anawo, anapeza kuti tizilombo ta m'matumbo mwa ana otupikana tinali tosakhwima molingana ndi msinkhu wawo. Kenako anatenga tizilombo ta ena mwa mapasawo n'kutiika m'mbewa zija zopanda tizilombo, n'kumazidyetsa chakudya chofanana ndi chimene anawo ankadya kumudzi, chodalira chimanga. Mbewa zimene zinalandira tizilombo ta ena mwa ana otupikana zinaonda kwambiri kuposa zimene zinalandira ta ana athanzi. Anapezanso kuti chiponde chinkathandiza mudzi wa m'matumbo mwa anawo kusintha, koma akasiya kudya chiponde n'kubwerera ku chakudya choperewera, zinthu zinkabwereranso m'mbuyo.

Phunziro lake ndi ili: kunyentchera kumayamba ndi kuperewera kwa chakudya chabwino ndi matenda, koma tizilombo ta m'matumbo tikasokonekera vutolo limakula. Ndiponso mwana akamaliza chiponde ntchito siinathe ayi. Chakudya cha pakhomo chiyenera kupitiriza pamene chiponde chasiyira.

Ku Dhaka, m'dziko la Bangladesh, asayansi omwewa pamodzi ndi a bungwe la icddr,b anakonza chakudya chimene cholinga chake ndi kudyetsa tizilombo tabwino. Anasakaniza ufa wa tchana, soya, mtedza ndi nthochi. Zotsatira za m'chaka cha 2021 zinaonetsa kuti ana onyentchera a miyezi 12 mpaka 18 amene anadya chakudyachi kwa miyezi itatu ananenepa mofulumirirapo kuposa amene analandira chakudya chowonjezera cha masiku onse. Taonani zinthu zimene anagwiritsa ntchito: soya, mtedza, nthochi ndi mbewu ya gulu la nyemba. Zambiri mwa izi timalima tokha.

Khoma likawonongeka

Mwana akamameza tizilombo ta m'chimbudzi tsiku ndi tsiku, kudzera m'madzi, m'manja, m'dothi kapena m'zitosi za nkhuku pamene akukwawa, asilikali a m'matumbo mwake sapuma. Amakhala pankhondo usana ndi usiku. M'kupita kwa nthawi, tinthu tosongoka toyamwa chakudya tija timafupika, khoma limayamba kudontha, ndipo zidutswa za tizilombo zimalowa m'magazi. Chakudya chimene mwana wadya sichilowa bwino m'thupi, ndipo chochepa chimene chalowa chimathera pankhondo m'malo momukulitsa.

Choopsa chake n'chakuti mwana wotere mwina satsegula m'mimba n'komwe. Amasewera, amadya, koma satalika. Uku ndiko kupinimbira. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Zifukwa zake ndi zambiri, ndipo matumbo owonongeka ndi chimodzi mwa izo.

Zoyenera kuchita pakhomo panu

1. Yambani kuyamwitsa mkati mwa ola limodzi mwana atabadwa, ndipo mwana ayamwe mkaka woyamba wachikasu uja.

2. Kwa miyezi 6 yoyamba, mpatseni bere lokha basi. Osampatsa madzi, tiyi, phala lamadzimadzi kapena mankhwala azitsamba, ngakhale kutatentha bwanji. Mkaka wa m'mawere uli ndi madzi okwanira. Chilichonse chowonjezera chingalowetse akuba m'mudzi umene alonda ake sanaphunzire. Mankhwala ndi katemera operekedwa ndi achipatala okha ndiwo ololedwa.

3. Pitirizani kuyamwitsa mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira, monga alangizi a zaumoyo amanenera. Zaka ziwirizi n'zimenenso zatchulidwa m'Qur'an yolemekezeka pa nkhani ya kuyamwitsa. Bambo, apa pali gawo lanu: onetsetsani kuti mayi akudya mokwanira ndipo akupeza nthawi yopuma ndi yoyamwitsa.

4. Kuyambira miyezi 6, mpatseni chakudya cha kasinthasintha kuchokera m'magulu asanu ndi limodzi: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, ndiwo zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Phala likhale la mgaiwa, lolimbako loti silikuyenderera pasupuni, lothira nsinjiro, ufa wa soya wokazinga, usipa wosinja, dzira kapena masamba osinja monga bonongwe ndi nkhwani. Onjezerani nthochi, papaya, mango, mapeyala, dzungu ndi mbatata yofiira mkati. Phala la ufa woyera ndi shuga yekha limakhutitsa, koma silidyetsa mokwanira mwana ngakhale tizilombo take tabwino. Mwana wa miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu patsiku. Wa miyezi 9 mpaka 23 adye katatu kapena kanayi, ndi zotolatola zabwino pakati. Mtedza ndi chimanga za chuku muzitaya, osasinjira mwana.

5. Musapatse uchi mwana wosakwana chaka chimodzi. Uchi ndi wabwino kwa akuluakulu ndi ana okulirapo, koma nthawi zina umakhala ndi njere za bakiteriya wina woopsa. M'matumbo mwa munthu wamkulu njerezi zimasowa malo chifukwa eni mudzi ndi ambiri. M'matumbo mwa khanda zimatha kumera n'kutulutsa poizoni wofooketsa thupi mpaka kulepheretsa kupuma.

6. Tsekani njira za akuba. Sambani m'manja ndi sopo pamadzi oyenda mukachoka kuchimbudzi, mukasintha mwana thewera, musanaphike ndiponso musanadyetse mwana. Msambitseninso mwanayo m'manja. Ikani mpondagiya pafupi ndi chimbudzi. Chimbudzi cha mwana chitayidwe m'chimbudzi, si choyera ayi. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe klorini, ndipo asungidwe movundikira. Mwana wokwawa muikeni pamphasa yoyera, kutali ndi nkhuku, abakha ndi mbuzi. Ena angafunse kuti, "Nanga si mwati tizilombo ndi tabwino?" Inde, koma tabwinoto timachokera kwa mayi, m'bere ndi m'chakudya chabwino, osati m'zitosi.

7. Musamagule maantibayotiki monga amoxicillin kapena Bactrim pagolosale kapena pamsika n'kumamwetsa mwana akangotsokomola kapena kutsegula m'mimba. Mankhwalawa sasankha: amapha akuba ndi eni mudzi omwe. Koma achipatala akalembera mwana wanu, mpatseni monga anenera. Pali matenda amene mankhwalawa amapulumutsa moyo, monga chibayo, ndipo ana onyentchera kwambiri amapatsidwanso pamodzi ndi chiponde.

8. Mwana akatsegula m'mimba, musasiye kumuyamwitsa kapena kumudyetsa. Khoma lovulala limafuna chakudya kuti lipole. Mpatseni Thanzi ORS pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndi mapiritsi a zinki kwa masiku onse amene achipatala anena, ngakhale aoneke kuti wachira. Akachira, muwonjezereni chakudya kamodzi patsiku kwa masabata awiri.

9. Pitani kusikelo mwezi uliwonse ndipo mwana alandire katemera yense. Katemera wa rota, amene anayamba kuperekedwa m'Malawi m'chaka cha 2012, ndi wodonthezera m'kamwa. Amakaphunzitsa asilikali a m'matumbo omwewa kuzindikira kachilombo koyambitsa kutsegula m'mimba koopsa kwa makanda.

Thamangirani kuchipatala mukaona izi

Musadikire kuti kuche ngati mwana akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wakomoka, walefuka kapena akungogona osadzuka, maso alowa mkati, chimbudzi chili ndi magazi, kapena mapazi onse awiri atupa. Pitaninso ngati kutsegula m'mimba kwafika masabata awiri, kapena ngati sikelo yake yaima kapena kutsika. Kutupikana si kunenepa, ndipo si tsempho. Ndi matenda, ndipo amachizika mwana akafika msanga.

Mafunso okambirana pagulu kapena pabanja

1. Tchulani ntchito ziwiri zimene tizilombo tabwino timagwira m'matumbo mwa mwana.
2. N'chifukwa chiyani mkaka woyamba wachikasu suyenera kutayidwa?
3. Dzulo mwana wanu anadya zakudya za magulu angati? Ndi gulu liti limene linasowa, ndipo mungalipeze bwanji ndi zimene muli nazo?
4. Kodi mwana wanu amakwawa pati? Nanga nkhuku zimayenda pati?
5. Pakhomo panu ndani amagamula zopita ndi mwana kuchipatala? Nanga iyeyo akachokapo, mumatani?

Musachite kudikira kuti zonse zipezeke. Sankhani chinthu chimodzi choti muyambe lero, kaya ndi supuni ya nsinjiro m'phala, mpondagiya pachimbudzi, kapena mphasa ya mwana wokwawa. Mukakhala ndi funso, kafunseni mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, ndipo mukamaliza kuwerenga pepalali, mpatseniko mnzanu woyandikana naye nyumba.